Mmene mungakhalitsire pa zoimba ndi zisudzo ku Mzuzu ngati kwanu kulibe ndalama

Loweruka lililonse madzulo, munthu akamadutsa m'makwalala a ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa, salephera kumva kwaya ikukonzekera mapemphero a Lamulungu, kapena gulu la achinyamata likuyeserera sewero m'kalasi imene lachita kupempha kwa mphunzitsi wamkulu. Luso mumzinda muno likadalipo lambiri ngati kale. Chimene chachepa ndi makwerero amene ankanyamula mwana wa mlonda, wa kalipentala kapena wa mayi wogulitsa tomato kumsika wa Zigwagwa kuchoka m'kalasi yobwerekayo mpaka kukafika poti luso lake lizimudyetsa. Malangizo awa ndalembera mwana woteroyo pamodzi ndi makolo ake, ndipo onse akuchokera pa chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchiona kwa zaka zambiri: masiku ano amene amakhalitsa pa zoimba ndi zisudzo ndi amene angathe kupirira zaka zingapo asakulandira kanthu. Mwana wa munthu wopeza bwino amapatsidwa zaka zimenezo ndi makolo ake. Inu muyenera kudzikonzera nokha.

Ndi bwino kuyamba takumbukira mmene makwererowo analili. Mwana wa sekondale wokonda zisudzo ankadziwa kuti chaka chilichonse kuli mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi m'Malawi, ndipo sukulu ndiyo inkapereka malo oyeserera, mphunzitsi wotsogolera ndi galimoto yopitira kumpikisano. Du Chisiza Jr, amene anadzakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anayamba kudziwika kudzera mumpikisano umenewu ali pasukulu ya HHI ku Blantyre. Wailesi ya MBC, imene kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno, inkajambula oimba m'situdiyo zake ndi kuulutsa masewero mlungu ndi mlungu, kotero kuti munthu akamveka kamodzi ankamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ku Balaka mpingo wa Katolika unalera Alleluya Band kuyambira mu 1978, ndipo kuno kwathu gulu la Katawa Singers linachokera m'tchalitchi n'kumveka dziko lonse. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, woimba akajambula chimbale ankapita nacho kwa O.G. Issa ku Limbe, kumene matepi ankachulukitsidwa ndi kugulitsidwa, iye n'kubwerako ndi ndalama m'thumba. Sindikunena kuti nthawi imeneyo inali ya mkaka ndi uchi, chifukwa malo a kusekondale anali ochepa, ATEM inkafuna Chingerezi, ndipo wailesi imodzi inkatanthauzanso khomo limodzi lokha, limene likatsekeka kunalibenso kwina kogogoda. Komabe pa makwerero onsewa, amene ankalipira zipangizo, malo ndi ulendo anali munthu wina, mwanayo ankangobweretsa luso lake.

Lero mtolo wonsewo wagwera woimba ndi wochita zisudzo mwiniwake. Matepi ndi ma CD anatha mphamvu pamene kubena nyimbo kunafala, moti chimbale chimene munthu wathera miyezi akuchikonza chimalowa m'memore khadi pamodzi ndi nyimbo zina mazanamazana pa mtengo wa mandazi ochepa, mwini wake osaonapo ngakhale tambala. French Cultural Centre ku Blantyre, kumene magulu a zisudzo ochokera m'zigawo zonse ankalakalaka kukaonetsa masewero awo, inatsekedwa mu 2011, ndipo ngakhale boma linagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, anakhala zaka zambiri ali owonongeka. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unachititsa kuti misonkhano ikuluikulu iletsedwe, magulu ambiri n'kubalalika osabwererananso. Kenako ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo popeza gitala, kiyibodi, zokuzira mawu ndi kompyuta zonse zimachokera kunja, mitengo yake inathawira kutali ndi thumba la munthu wamba.

Vutoli silili ku Malawi kokha. Ku Britain, kafukufuku amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti mwa ochita zisudzo, oimba ndi olemba amene anabadwa pakati pa 1953 ndi 1962, okwana 16.4 peresenti anachokera m'mabanja a anthu ogwira ntchito zamanja, pamene mwa amene anabadwa patatha zaka 40 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 7.9 peresenti. Ofufuzawo anaona kuti kutsikaku kukutsatira kuchepa kwa mabanja otere m'dziko lonselo, koma anaonanso kuti mwana wa makolo a ntchito zapamwamba wakhala ali ndi mwayi wolowa m'ntchito zaluso woposa wa mwana wa anthu ogwira ntchito zamanja pafupifupi kanayi, ndipo kusiyanako sikunasinthe m'zaka zonsezi. Ngati zili choncho m'dziko limene lili ndi sukulu zaluso ndi nyumba za zisudzo m'mizinda yambiri, ndiye kuti ife a ku Mzuzu, amene mawailesi akuluakulu, makampani othandiza zaluso ndi malikulu a mabungwe ali kutali nafe ku Lilongwe ndi ku Blantyre, tiyenera kuyenda mowerengera tambala iliyonse.

Musataye khasu limene likukudyetsani

Langizo loyamba ndi limene achinyamata ambiri safuna kulimva. Musasiye ntchito, geni kapena sukulu chifukwa chakuti nyimbo yanu yamveka kawiri pawailesi, kapena chifukwa anthu anakuomberani m'manja pa sewero limodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene muyenera kuchita ndi kusankha, ngati mungathe, ntchito imene nthawi yake mumailamulira nokha, monga kupalasa sakaramento (njinga yonyamula anthu), kumeta, kusoka, kukonza mafoni kapena kugulitsa katundu kumsika wa Taifa, chifukwa ntchito zoterezi zimalola kuti mutseke 4 koloko masana n'kupita koyeserera popanda kupempha chilolezo kwa bwana. Mukatero, ikani masiku okhazikika oyeserera, atatu pa mlungu ndi okwanira, ndipo muwasunge monga mmene mumasungira tsiku la msika. Gulaninso kope laling'ono limene muzilembamo ndalama iliyonse imene yapita pa luso lanu, kuyambira ya basi mpaka ya bandulo, ndipo mudziikire malire a gawo la zopeza zanu limene lingapite kumeneko mwezi uliwonse. Katapila asalowe m'nkhani imeneyi ngakhale tsiku limodzi, pakuti chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi pamene nyimbo imabweza ndalama zake pang'onopang'ono, ndipo mwina osabweza n'komwe.

Makolo nawonso muwauze dongosolo lanu poyera. Ambiri mwa iwo amadana ndi zoimba chifukwa anaona oimba akumwalira ali osauka, maliro awo akuchita kusonkhedwa, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Kukangana nawo za maloto anu sikuthandiza. Chimene chimawakhazika mtima pansi ndi mawu monga awa: "Amayi, ya ndiwo ndipitiriza kubweretsa monga mwa masiku onse, koma Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka madzulo ndizikhala koyeserera, ndipo pakatha zaka ziwiri tidzakhale pansi tione ngati zikupindula." Kholo limene lamva lonjezo lotere, n'kuona kuti likusungidwa, ndi limene limadzakusungirani nsima mukabwera usiku kuchokera kokaimba.

Kumene mungaphunzire osalipira fizi

Mwa makwerero akale, amene akadali chilili ndi tchalitchi. Kuyambira m'matchalitchi akuluakulu monga St Andrew's ndi St Peter's mpaka m'mipingo ing'onoing'ono imene imapempherera m'makalasi, mumapezeka kiyibodi, ng'oma ndi zokuzira mawu zimene inu simungazigule panokha. Njira yozifikira ndi yodzichepetsa: dziperekeni kuti muzinyamula zidazo, muzikulunga mawaya ndi kusesa pamalo oimbira, ndipo pakapita miyezi ingapo woimba kiyibodi adzayamba yekha kukuonetsani poika zala. Zida za mpingo musazitulutse kukaimbira kwina popanda chilolezo cha akuluampingo, chifukwa khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo likathyoka khomo limatsekekera inu pamodzi ndi achinyamata onse obwera pambuyo panu.

Pamene mukuphunzira, onjezerani luso lachiwiri limene anthu amalilipira kawirikawiri. Oimba ndi mawu alipo ambiri mumzinda muno, koma woimba gitala ya besi amene amafika pa nthawi yake ali wosaledzera ndi wosowa, ndipo amaitanidwa ndi magulu atatu kapena anayi pa mwezi umodzi. Chimodzimodzinso munthu wodziwa kulumikiza zokuzira mawu ndi kuzichuna kuti zisalire. Kwa ochita zisudzo, luso lachiwiri lingakhale kulemba masewero, kulankhula m'malonda a pawailesi, kapena kutsogolera mwambo pa zinkhoswe ndi maukwati, ntchito imene ena amainyoza koma imaphunzitsa munthu kugwira khamu la anthu otopa ndi anjala kuposa sukulu ina iliyonse.

Amene muli pasukulu, umirizani aphunzitsi anu mwaulemu kuti sukulu izilowa nawo m'mipikisano ya ATEM ndi NASFEST (chikondwerero cha zaluso cha ana asukulu), chifukwa kumeneko ndi kumene otsogolera magulu amaonera nkhope zatsopano. Amene mwamaliza Fomu 4 ndipo mukufuna maphunziro a zoimba, fufuzani za Music Crossroads Academy ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe ndi sukulu ya zoimba ya Lusubilo ku Karonga, ndipo polemba kalata mufunse mosabisa ngati pali thandizo la fizi ndi malo ogona. Gulu la Body, Mind and Soul la kuno ku Mzuzu linapambana mpikisano wa Music Crossroads wa mayiko a kummwera kwa Africa mu 2007 ndipo linakaimba ku Ulaya, umboni wakuti khomo limeneli linatsegukirapo ana a mumzinda muno.

Pali chuma china chimene mwana wa kumpanda alibe koma inu muli nacho, ndicho magule a kwanu. Ng'oma za vimbuza, mayendedwe a malipenga, ingoma ya ku Mzimba ndi chilimika cha ku Nkhata Bay mungaziphunzire kwa agogo anu popanda kulipira kanthu. Malemu Wambali Mkandawire, amene anakhala zaka zambiri mumzinda muno, anamanga nyimbo zake pa maziko amenewa ndi pa Chitumbuka, ndipo anamveka kunja kwa dziko lino. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika ndi babatoni, chida chachikulu choimbira cha chingwe chimodzi, yopanga yekha, ndipo Madalitso Band, imene inkaimba m'misewu ya ku Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, inakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba kuyenda mayiko a ku Ulaya. Ine ndimaona kuti wachinyamata wosauka amene akuthamangira kufanana ndi oimba a ku Lagos kapena ku Johannesburg walowa mpikisano umene amapambana ndi mwini kamera yodula, pamene pa ng'oma ya kwawo palibe amene angamupose ndi ndalama.

Gulu, thumba ndi kope

Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya zida mwambi umenewu ndi masamu enieni: chokuzira mawu chimene munthu mmodzi angachisungire ndalama zaka zitatu, anthu asanu ndi mmodzi angachigule pa miyezi isanu ndi umodzi. Choncho pangani gulu, ndipo likhale ndi thumba loyendetsedwa ngati banki mkhonde, aliyense aziponya mlungu uliwonse ndalama imene mwagwirizana. Koma musanaponye tambala yoyamba, lembani malamulo m'kope ndipo aliyense asaine. Mulembe kuti zida zogulidwa ndi za gulu lonse, zizisungidwa kwa yani, amene akutuluka m'gulu adzabwezeredwa chiyani, ndalama zapakhomo zizigawidwa motani, ndi gawo lanji limene lizibwerera m'thumba musanagawane. Ndalama zisamakhale mufoni ya munthu mmodzi popanda wina wachiwiri woona mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba.

Ndikuumirira pa kopeli chifukwa ndinapsa nazo. Gulu la zisudzo limene ndinali nalo kale linasonkha kwa chaka chathunthu n'kugula zokuzira mawu ziwiri, koma popeza tinali abwenzi tinaona ngati kulemberana ndi kukayikirana. Pamene awiri mwa ife anasemphana pa nkhani imene sinali ya zisudzo n'komwe, gulu linagawanika, zidazo zinatsalira kwa amene ankazisunga, ndipo ndinadzaziona patapita nthawi zikulira pa ukwati wa anthu amene sindikuwadziwa. Panalibe pepala lililonse limene tikanapita nalo kwa amfumu kapena kupolisi. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo nafenso tinayenera kupangana chikondi chikadalipo.

Musanalowe m'situdiyo

Situdiyo ndi malo amene ndalama za osauka zimathera msanga, makamaka chifukwa ambiri amapitako nyimbo isanapse. Imbani nyimbo yanu pamaso pa anthu kakhumi, kutchalitchi, pa ukwati kapena pamsika, ndipo muone pamene anthu akuyamba kuvina ndi pamene akuyamba kucheza. Ijambuleni pafoni, muimvetsere, muikonze. Mukatsimikiza, jambulani nyimbo imodzi kapena ziwiri zokha. Chimbale cha nyimbo khumi chinali ndi phindu pamene kunali matepi ogulitsa, koma lero anthu amamvera nyimbo imodziimodzi, ndipo ndalama za nyimbo zisanu ndi zitatu zotsalazo zingagwire ntchito yabwino pofalitsa ziwiri zimene zili zamphamvu.

Kwa wojambula nyimbo, funsani mafunso awa musanalipire: kodi mtengowo ukuphatikiza kusakaniza mawu mpaka nyimbo itatheratu, kodi mungabwerere kangati kudzakonzetsa popanda kuwonjezera ndalama, nyimboyo idzatuluka tsiku liti, ndipo chofunika koposa, biti imene akupatsaniyo idzakhala yanu nokha kapena angathe kuigulitsanso kwa woimba wina. Perekani theka poyamba ndi theka lina polandira ntchito. Polandirapo, pemphani nyimbo yathunthu, ina yopanda mawu anu imene muziimbira pa zochitika, ndi mafayilo onse a ntchitoyo, ndipo muwasunge m'malo awiri, pafulashi ndi pa imelo, chifukwa kompyuta za m'situdiyo zimafa, ndipo zikafa zimapita ndi thukuta lanu.

Nyimbo ikangotuluka, kalembetseni ku COSOMA. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016. Limatolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo pa malonda awo, monga mawailesi, makanema, mahotela ndi malo azisangalalo, komanso limagawa ndalama za msonkho umene umadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno. Ndalama zimenezi zimapita kwa amene analembetsa ntchito zawo, choncho nyimbo yosalembetsedwa ingamveke chaka chonse mwini wake osalandirapo kanthu. Polembetsa, tchulani bwinobwino amene anapeka mawu, amene anapeka mayimbidwe ndi amene anajambula, ndipo mugwirizane magawo anu musanapite. Olemba masewero nawonso ali ndi ufulu wolembetsa zolemba zawo. Lamulo lomwelo la 2016 linakhazikitsanso thumba la Copyright Fund, limene limaitana aluso kuti apemphe thandizo pa ntchito zawo, ndipo apa ndi pamene kope lanu la ndalama ndi malamulo a gulu zimakuthandizani, popeza opereka thandizo amakhulupirira gulu limene lili ndi zolemba.

Kuchititsa chionetsero chanu

Gulu limene likudikira kuitanidwa lingadikire mpaka kukalamba, choncho phunzirani kuchititsa zionetsero zanu, koma muyambe ndi zazing'ono. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi ya m'dera lanu, imene anthu angafikeko wapansi, imaposa holo ya hotela ya m'tauni imene lendi yake yokha ingadye ndalama zonse zapakhomo. Pokambirana ndi eni holo, yesani kupempha kuti m'malo mwa lendi yokhazikika atenge gawo la ndalama zapakhomo, kuti anthu akabwera ochepa musatsale ndi ngongole. Masukulu ogonera konko ndi makoleji, monga yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ku Luwinga ndi ena a ku Ekwendeni, ali ndi ubwino wakuti oonera ali kale pamalo amodzi, ndipo sewero lochokera m'buku limene ana a sekondale akulemba pa mayeso a MSCE silisowa anthu, malinga mwapempha chilolezo kwa eni bukulo ndi kwa oyang'anira sukulu.

Tsiku lisankhidwe mosamala. Mzuzu ndi mzinda wa anthu olandira pamwezi, choncho Loweruka kapena Lamulungu masana loyandikira malipiro limaposa la pakati pa mwezi. Nyengo imene fodya akugulitsidwa ku okushoni ndalama zimayenda m'tauni ndi m'madera ozungulira monga Rumphi ndi Mzimba, pamene January ndi February ndi miyezi ya fizi ndi njala. Mvula ya kuno imachedwa kusiya kuyerekeza ndi kummwera, ndipo June ndi July kumazizira kwambiri usiku, kotero chionetsero cha pabwalo chimafuna kulingalira kawiri. Fufuzaninso ngati tsikulo kulibe mpira waukulu pa Mzuzu Stadium kapena msonkhano wa mpingo umene ungakulandeni anthu.

Za zilolezo musazinyalanyaze. Lamulo la 1968 loona za zisangalalo limafuna kuti wochititsa chionetsero cha anthu onse akhale ndi chilolezo cha Censorship Board, ndipo ndi nzeru kufunsanso kukhonsolo ya mzinda ndi kudziwitsa apolisi a m'dera lanu masiku angapo tsikulo lisanafike. Magetsi angathe kuzima pakati pa sewero, choncho jenereta ndi mafuta ake zikhale pamalopo chionetsero chisanayambe, ndipo mafutawo mugule masiku awiri tsikulo lisanakwane chifukwa pa tsiku lenilenilo mungapeze mzere wautali kapena pampu youma.

Masamu a chionetsero ndi osavuta koma ambiri amawathawa. Phatikizani zonse zimene mudzawononge, holo, zida, mafuta, zilolezo, mapepala olengezera ndi mayendedwe, kenako gawani ndi mtengo wa tikiti kuti mudziwe chiwerengero cha anthu amene ayenera kulowa kuti mungobweza zimene mwalowetsa. Tiyerekeze kuti holo imalowa anthu 200. Ngati masamu akuonetsa kuti mukufunika anthu 150 kuti mubweze ndalama zanu, chionetserocho ndi choopsa ndipo muchepetse zowononga kapena musinthe malo. Ngati mukufunika anthu 70 kapena 80, pitirizani. Pakhomo pakhale anthu awiri osachokera m'banja limodzi, wina wolandira ndalama, wina wong'amba matikiti a manambala, ndipo muwerengere limodzi chionetsero chikangoyamba. Mugwirizanenso pasadakhale kuti aliyense wa m'gulu angalowetse abale angati ulere, chifukwa kuno kwathu achibale ndi anzathu a kutchalitchi okha angadzaze theka la holo, aliyense akunena kuti ndi mlamu wa woimba ng'oma.

Mukaitanidwa ndi ena

Ndalama zambiri za zisudzo masiku ano zimachokera ku mabungwe amene amafuna masewero ophunzitsa anthu za umoyo, chisankho, nkhanza za m'banja kapena kusamala mitengo. Ntchito imeneyi ilandireni, chifukwa imalipira lendi, koma ikhale ndi mgwirizano wolembedwa wonena masewero angati, kumadera ati, mayendedwe ndi chakudya alipira ndani, ndipo malipiro adzaperekedwa tsiku liti. Pemphani gawo lina musananyamuke. Bungwe lina linatitumapo kumidzi kwa masabata awiri ndi lonjezo la pakamwa, ndipo malipiro ake tinawalandira patatha miyezi isanu, titatha nsapato ndi kupita kuofesi kwawo. Chenjezo lina ndi lakuti gulu limene limangochita masewero a mabungwe limazolowera kulalikira uthenga wa eni ndalama mpaka kuiwala kupeka nkhani imene munthu angalipire pakhomo kuti aione. Chaka chilichonse konzani sewero limodzi lanulanu, ngakhale litakhala lalifupi.

Mudzakumananso ndi okonza maphwando a nyimbo amene adzakuuzani kuti mukaimbe ulere potsegulira woimba wotchuka wochokera ku Blantyre, ati kuti anthu akudziweni. Nthawi zina zimenezi zimathandizadi, koma muziyeze ndi mafunso atatu: kodi dzina lanu lilembedwa pa chikalata cholengezera, kodi muimba anthu atafika kale kapena mipando ikadali yopanda anthu, ndipo kodi akupatsani ya mayendedwe ndi chakudya. Ngati mayankho onse ndi ayi, kanani mwaulemu. Mwana wa munthu wolemera angathe kuimba ulere chaka chonse, ndipo akamatero amatsitsa mtengo wa aliyense, koma inu mukamutsanzira mudzatopa iye asanatope. Kwa atsikana ndiwonjezere ichi: aliyense amene akuti mukakambirane za mwayi wa sewero kapena wa nyimbo kuchipinda cha kumalo ogona alendo, kapena usiku muli nokha, alibe mwayi umene akukupatsani. Pitani ndi mnzanu wa m'gulu kapena mlongo wanu, masana, ndipo ngati wina wakuchitani chipongwe kaneneni kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa.

Wailesi, intaneti ndi msewu wa M1

Yambani ndi mawailesi amene ali pafupi. Voice of Livingstonia, Radio Tigabane, situdiyo za MBC ku Kaning'ina ndi mawailesi a m'madera monga Mzimba Community Radio mungawafikire ndi ndalama yochepa ya mayendedwe. Pitani nokha ndi nyimbo yanu pafulashi, italembedwa bwino dzina lanu ndi mutu wake, pamodzi ndi kapepala kofotokoza mwachidule kuti ndinu yani, ndipo mudzipereke kudzacheza nawo pa pulogalamu. Ndalama yoti nyimbo iseweredwe musapereke, chifukwa ikatha nyimbonso imasiya kumveka.

Pa intaneti, ikani mphamvu zanu pamene anthu anu ali, ndiko kuti pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ndipo tumizani timakanema tatifupi timene sitidya bandulo ya woonera. Spotify inayamba kupezeka m'Malawi mu 2021, koma kuyambira mu 2024 nyimbo imayenera kumvedwa kosachepera ka 1,000 pa miyezi 12 kuti iyambe kuwerengeredwa malipiro, ndipo makampani ambiri oika nyimbo pamalo oterewa amafuna kulipidwa m'madola kudzera pa khadi la kubanki. Choncho kwa woyamba kumene, intaneti ndi chikwangwani choitanira anthu kuchionetsero ndi kwa ofuna woimba pa ukwati, ndipo pa kanema aliyense payenera kuoneka nambala imene angakupezereni.

Funso lomaliza limene aliyense amafika nalo ndi la kusamukira ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 350 pa msewu wa M1, kapena kupitirira mpaka ku Blantyre. N'zoona kuti makanema, makampani otsatsa malonda ndi maphwando ambiri ali kumeneko, koma kumenekonso lendi ndi yokwera, ndipo mulibe tchalitchi chokubwerekani kiyibodi kapena mayi wokusungirani nsima. Pitani ngati mlendo poyamba, pamene mwaitanidwa ku ntchito yodziwika tsiku lake ndi malipiro ake, ndipo ulendo umodzi muuphatikizire zinthu zingapo: kukaonekera kuwailesi, kukafika kuofesi ya COSOMA, ndi kukakumana ndi a Musicians Union of Malawi kapena a National Theatre Association of Malawi. Za kusamukiratu muziganizire pokhapokha kope lanu likuonetsa kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana ntchito zochokera kumeneko zaposa zimene mumapeza kuno. Ndipo ponyamuka ulendo uliwonse, ndalama ya basi yobwerera muisunge padera, m'thumba limene simuligwira ngakhale wokuitananiyo atalonjeza kuti adzakulipirani phwando likatha.